Kiyi amene anasowa womulandira

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1981, achitatu m'banja la ana anayi. Ine ndaima panoyu ndine mlongo wawo wamkulu. Kunyumba tinkawatcha a Dikirani, chifukwa ukawaitana kuti adzadye ankayankha choncho, maso ali pa wailesi ya bambo imene ankaimasula. Dzinali linkatiseketsa. Lero silikutiseketsanso.

Anamaliza sekondale mu 1999, ndipo mu 2004 anatenga digiri ya zamakompyuta. Mu 2008 anamanga banja ndi alamu athu, aphunzitsi a masamu, ndipo Mulungu anawapatsa ana aakazi awiri.

Ntchito yolipidwa ankagwira ku kampani ya inshulansi, koma imene inawadya mtima ndi ina. Mu 2012 anayamba kusamalira pulogalamu yaulere imene mwini wake woyamba anaisiya. Ilibe zithunzi kapena mabatani. Munthu amangolemba mawu awiri atatu pa sikirini yakuda, iyo n'kukatenga pulogalamu imene akufuna pamodzi ndi tizidutswa tonse timene imadalira, n'kuziika bwinobwino mu kompyuta. Akatswiri ambirimbiri amaidalira, osadziwa n'komwe kuti akuikonza ndi mayi mmodzi pa tebulo lodyera, pakati pa makope a ana ndi mulu wa zovala zosasita.

Ntchitoyi ili ndi lamulo lake. Zokonza zatsopano zikamatuluka zimasainidwa ndi kiyi wachinsinsi wa mu kompyuta, apo ayi makompyuta amazikana. Kiyiyo sapatsidwa kwa munthu wongodziwana naye pa intaneti, chifukwa akagwa m'manja mwa wakuba, zoipa zingalowe m'makompyuta onsewo tsiku limodzi. Amapatsidwa kwa munthu amene mwagwira naye ntchito nthawi yaitali. Anzawo awiri amene ankathandizana nawo anatopa n'kusiya, kiyi n'kutsala ndi malemu okha.

Mu Meyi 2023 madokotala anapeza chotupa m'mimba mwawo. Anati opaleshoni isachedwe, ndipo pambuyo pake adzagona miyezi ingapo. Malemu anati apita akangopeza womusiyira kiyi. Anaika chidziwitso pamwamba pa tsamba la pulogalamuyo, chopempha munthu wodzawathandiza. Anthu anathokoza, ena anaikapo tizithunzi ta mitima, koma wodzipereka sanaoneke. Mmodzi yekha anabwera, wakhama ndithu, koma atapempha kiyi asanadziwane n'komwe, malemu anamukaniza ndipo munthuyo sanabwerenso.

Alamu athu anayesa zonse. Anachonderera, anakalipa, tsiku lina mpaka anabisa chingwe cha laputopu mu uvuni. Malemu anangokabwereka cha aneba. Ife abale titapita kukalankhula nawo, anatipatsa tiyi n'kutiuza kuti tidikire pang'ono, atsala pang'ono kumaliza. Ndipo tinadikiradi. Chimenechi chikutipweteka kwambiri, chifukwa tinkaona thupi likutha.

Anavomera opaleshoni mu Januwale 2024, atayamba kulephera kukhala pa mpando. Madokotala anangotsegula n'kutsekanso, chifukwa chotupacho chinali chitafalikira kale. Malemu anatisiya pa 3 Epulo, kiyi asanapeze womulandira.

Foni yawo ikulirabe mpaka lero, ndipo alamu athu akulephera kuizimitsa, amangoitchaja. Dzulo mwana wamkulu anawawerengera uthenga umene unaonekera pa sikirini. Unali wa munthu wokwiya kuti vuto lake lakhala nthawi yaitali osayankhidwa, ndipo ankafunsa monyoza ngati mwini pulogalamuyi anamwalira. Alamu athu anafuna kumuyankha kuti inde. Sanathe, chifukwa mawu otsegulira foniyo sawadziwa.

Malemu asiya amuna awo, ana awiri, mayi athu okalamba, ndi ife abale awo atatu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anzawo a ku kampani, ampingo, ndi aneba amene anasunga ana pa nthawi yonse ya matenda. Nonse mwabwera pano, Mulungu akudalitseni.

Mzimu wa a Dikirani uuse mumtendere, kumene kulibe wowafunsa kuti amaliza liti.