Buku Lokulungira Vitumbuwa

Anzanga omvera, ine sukulu ndinalekezera panjira, koma pepala lililonse ndimawerenga, ngakhale lonona mafuta. Tsiku lina ku Kabwata mayi wina anandikulungira vitumbuwa m'pepala lofotokoza mmene Agiriki akale ankakopera anthu ndi mawu. Ndinaseka. "Amayi, amene analemba izi analibe chochita!"

Mayiyo anayang'ana pansi. "Ni amuna anga. Anaphunzitsa zimenezo ku yunivesite mpaka maphunzirowo anawatseka, ati sapatsa munthu ntchito. Pepalali ni la buku limene analemba, koma anamwalira asanalisindikize."

Manyazi anandigwira, ndinachoka osapepesa n'komwe. Chikundipweteka n'chakuti ntchito ya moyo wonse wa munthu ikutha tsamba ndi tsamba.

Nditauza mnansi wanga, anati, "Ba neba, mukali pano? Nyamulani manyuzipepala anu akale aja, mukasinthane ndi mayi aja bukulo lisanathe."