Amene Anaseketsa a Esnath

Pa siteji ya tramu, sitima yoyenda m'misewu ya m'tauni, ku West Bromwich, bambo wina wa jekete lachikopa anamva mayi akuyankhula Chichewa pa foni. Mayiyo atangodula, bamboyo anasendera pafupi.

"Mayi, mukuona pano ndi Ellard. Ndayendetsa maukwati ku Joni, ku Dubai, ku Leeds. Dera lonse lino palibe woseketsa kuposa ine."

"Nanga nkhope yakwinyiranji, achimwene?"

"Ndi filimu ija ya woperekera zakudya m'hotela. Nkhani yake yopanda mchere. Mutachotsapo mzungu mmodzi uja, palibe chotsala."

"Komatu ujayo amatha. Akangokweza nsidze, holo yonse kufa ndi phwete."

"Nsidze! Akazi anga a Esnath akaweruka kuchipatala ndimawapatsa nthabwala zanga zakupsa, iwo amangoti 'mmm'. Dzulo tili ku holo yoonetsera mafilimu, mzungu uja wangogwetsa supuni, iwo kuseka mpaka misozi. Ndiye ndinati ndithandizeko, ndizifotokozera mokweza ngati ku vidiyo sho ku Ndirande."

"Aa! Ndinu munkafuula kuti 'taonani kapeyu' muja? Ine ndinali mzere wakumbuyo kwanu."

"Azungu sadziwa kuonera filimu. Anandiitanira mlonda."

"Ndinaona. Koma simunacheuke, achimwene. Mmene munkatuluka chifuwa patsogolo, mbuliwuli zikutayika njira yonse, akazi anu anaseka mpaka kutsetsereka pampando. Mzungu uja sanawafikitsepo pamenepo."

Bamboyo anakonza kolala ya jekete lake.

"Mpaka kutsetsereka pampando?"

"Mpaka pansi."

"Nanga ine ndimati chiyani? Tramu ndi iyo, mayi. Tiyeni, ndikuuzeni za ku Dubai."