Ba Lastone Njobvu, Makaniko wa Galimoto Zosadwala

Malemu achimwene anga, ba Lastone Njobvu, anabadwa pa 9 Epulo 1951 kumudzi kwathu m'boma la Petauke. Anali oyamba m'banja la ana asanu, ndipo ine Harrison amene abale andiimika pano ndine chitsiriza. Abusa, anamfedwa ndi inu nonse, mundikhululukire. Mbali yoyamba ya mbiriyi ndikuidziwa bwino, koma yachiwiri ndingoinena monga inachitikira, chifukwa ine mwini sindinaimvetse mpaka lero.

Sukulu anayamba mu 1959 kumishoni kwathu komweko, nalekezera Fomu 2. Mu 1970 anabwera kuno ku Kafue nalembedwa ntchito kufakitale ya nsalu, komwe anaphunzira kukonza makina. Pa 6 Disembala 1975 anamanga banja ndi ba Violet Muchindu a ku Shimabala, napatsidwa nyumba ino ya ku Estates imene tasonkhanamoyi. Zaka zonsezo anali munthu wa phee. M'mawa pa njinga, madzulo pa njinga, Lamlungu kutchalitchi. Ngakhale kutsokomola ankakatsokomolera panja kuti asasokoneze anthu.

Mu 1995, malonda atatseguka ndipo zovala za salaula, zovalidwapo kale kunja, zitadzaza msika, fakitale inachepetsa antchito, ndipo malemu anali m'gulu lochotsedwalo. Anzawo ena anagula maminibasi, ena anabwerera kumudzi. Abale tinawalangiza kuti agule chigayo, ineyo ndinawaitana ku malonda anga a nsomba kumtsinje. Anavomera zonse ndi mutu, kenaka anakwera basi ya ku Durban nabwerako ndi zitsulo zonyezimira.

Mu Febuluwale 1996 anatsegula kashopu pafupi ndi siteshoni ya sitima. Tinakondwa poyesa kuti ndi galaja wamba, pakuti galimoto zogwirapo kale ntchito ku Japan zinali zitayamba kuchuluka. Koma anthu akakankha galimoto yakufa n'kufika nayo pakhomo ali thukuta kamukamu, malemu ankawalozera kwa makaniko wina tsidya la njanji. Iwo ankafuna galimoto yamoyo, yoyenda bwinobwino. Yotereyo ankaitsegula injini, kuisintha kabureta, kuidula ekizozi n'kuikapo mpope waukulu, kenaka kuitsitsa mpaka mimba yake kutsala pang'ono kukhudza pansi, m'misewu yathu ya maenje yomweyi. Mwini wake ankachoka akumwetulira, galimoto ikulira kuposa mmene inabwerera. Ndinawafunsa kangapo kuti kodi nthenda imene akuchizayo ndi iti. Ankayankha kuti motoka iliyonse imachoka kwa oipanga itamangidwa pakhosi, iwo amangoimasula kuti ipumeko. Ine ndinakula ndikudziwa kuti chinthu chikayamba phokoso ndiye kuti chawonongeka.

Mu 1997 anagula kavaneti kakale ka Datsun nakakonza mwa njira yawo yomweyo. Munthu wotsokomolera panja uja anayamba kumveka akadali pamsewu wa Lusaka. Mlamu wanga ba Violet ankamva ali kukhitchini, n'kunyamuka kukatsegula geti galimoto isanaoneke n'komwe. Oyandikana nawo anakadandaula kumpingo, abusa anabwera kudzawalangiza, ndipo pochoka galimoto ya abusa nayonso inali ndi mpope watsopano. Abusa ali pompano, mwina adzatifotokozera tsiku lina.

Mu 1998 mwana wawo wamkazi Choolwe anamaliza Giredi 12. Tinamupezera malo ophunzira kutaipa ku Lusaka, koma iye anavala ovolosi nalowa m'shopu mwa atate ake. Kuyambira pamenepo m'banja mwathu munali anthu awiri olankhula zinthu zimene otsalafe sitinkazimva.

Mu Meyi chaka chino cha 2001 matenda a shuga anawakulira, miyendo inatupa, ndipo shopu ankayendetsa ndi Choolwe. Mu Julayi munafika marimu anayi amene anaitanitsa, zitsulo zija zimene tayala limavala, koma awa owala ngati mbale zatsopano. Mphamvu zowamangira analibe. Anawatsamiritsa kukhoma pabalaza pomwe ankagona, namawapukuta ndi kansalu m'mawa uliwonse. Anauza mkazi wawo ndi Choolwe kuti ulendo wawo womaliza udzakhale wa pa Datsun itavala marimu amenewo. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Ogasiti kuchipatala ku Lusaka.

Monga mwa mwambo, tinatulutsa katundu yense pabalaza kuti amayi apeze pokhala, ndipo marimu nawo anatuluka. Lachitatu anafika abale a kumudzi. Nonse mukudziwa kuti rimu lakale timapangira mbaula. Mlongo wanga ba Nelly atawaona panja anayamikira kuti achimwene anasiya mbaula zokongola, nasonkhapo moto pa limodzi, naterekapo mgolo wa nyemba. Choolwe anali ku mochale. Pobwera anapeza rimu lija litapindika mbali imodzi, poti chitsulo chake ndi chofewa, sichipirira moto. Sanakalipe. Ananyamula atatu otsalawo limodzilimodzi nakawatsekera kuchipinda. Ba Nelly musawaloze chala, chifukwa nyembazo tinadya tonse ndipo palibe anafunsa kanthu.

Dzulo amuna a m'banja tinapita kushopu kukaona katundu wogawana, monga timachitira munthu akatisiya. Msuweni wathu ba Benson anabwera ndi lole yonyamulira. Ba Violet anapereka makiyi. Titatsegula tinayang'ana m'mashelefu. Palibe ankadziwa kuti ichi n'chiyani, icho n'chiyani. Ba Benson anasuzumira m'mpope wina nafunsa ngati ungathe kutchezera kachasu. Pofuna chilungamo tinayamba kugawa masipuling'i, nyumba iliyonse imodzi. Apo Choolwe, ali pakhomo, anatiuza mwaulemu kuti zimenezo zimagwira ntchito zinayi pamodzi, imodzi payokha ndi chitsulo chotaya. Anawonjezera kuti tikasesa mashelefu amenewo, iye, amayi ake ndi ang'ono ake tawaseseranso mbale yawo yodyera. Tinasiyana maganizo. Ena anati mwana wamkazi adzakwatiwa, shopu n'kupita kwa alendo. Ena tinafuna kumuikira kumbuyo, koma n'kovuta kuteteza chinthu chimene sukuchimvetsa. Makiyi anatsala m'thumba mwa ba Benson kuti tidzamalize tikachoka kumanda.

M'mawa uno Choolwe anamanga pa Datsun marimu atatu owala ndi limodzi lakale lakuda, naliza injini kuti itenthe. Nonse munamva, nyimbo ya maliro inadukira pakati. Ba Violet, amene akhala pamphasa chiyambire Lachiwiri osatuluka, anadzuka, namanga chitenje, nadutsa pakati pa amayi mofulumira. Anapita kugeti nalitsegula mbali zonse ziwiri, naima akuyang'ana kumsewu. Galimoto inali kumbuyo kwawo, m'kati mwa mpanda, koma palibe analimba mtima kuwauza. Ine ndinalira, ndipo sindikubisa. Ba Benson anapisa m'thumba, napita pomwe panali Choolwe, namupatsa makiyi ndi manja awiri. Choncho abale andituma kunena pamaso panu kuti shopu sigawidwa, ndipo lole ibwerera yopanda kanthu. Chimene amagulitsa m'menemo sindikuchidziwabe, koma ndaona kuti m'nyumba muno phokoso lija linali kunena kuti atate afika.

Malemu asiya mkazi wawo ba Violet, ana atatu, Choolwe, Maybin ndi Jasmine, komanso ife abale awo anayi. Tikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, amayi amene akhala pamoto masiku onsewa, anzawo akale a kufakitale, akuchikazi a ku Shimabala amene apereka malo a manda, ndi anyamata a maminibasi amene anyamula anthu mwaulere. Oyandikana nawo tikuthokoza kawiri, chifukwa munapirira zambiri.

Tikanyamuka, Datsun ikhala patsogolo ndipo ayendetse ndi Choolwe. Pofika panjanji muiona ikuwoloka cham'mbali pang'onopang'ono. Musatsike kudzaikankha, sinafe, ndi mmene eni ake anaikonzera. Achimwene, munabwera mwakachetechete koma mukupita Kafue yense akumva. Mzimu wanu uuse mumtendere. Mlamu, geti lisiyeni chotsegula, tidzatseka ndife pobwera.