Mphira wa pa Njinga Unandibwezera Misozi

Aulutsi, ndine mphunzitsi kuno ku Vubwi. Mundiwerengereko nkhaniyi, mwina mtima ungapepuke.

Maso anga sagwirizana ndi kuwala kwa kompyuta. Ndikangoyang'anapo pang'ono, misozi mbwembwembwe, mutu n'kuyamba kuwawa. Mng'ono wanga wa ku Lusaka atamva, ananditumizira kachipangizo kamene galasi lake limaoneka ngati pepala, losathobwa m'maso. Ndinkakalumikiza ku kompyuta n'kumalemba mayeso a ana, ndipo ndinkawerengerapo mabuku ngakhale padzuwa. Misozi inaleka.

Tsiku lina popita ku msonkhano wa aphunzitsi, ndinaika kachipangizoko pakati pa makope n'kumanga pa keliyala ya njinga ndi mphira, mokoka ndithu, monga timangira thumba la chimanga. Msewu wathu mukuudziwa mabampu ake. Nditafika n'kumasula, kunja kunali kosalala bwinobwino, koma m'kati munali mutasweka. Tsamba lomwe ndinkalemba linangouma pomwepo, losasuntha, losazima.

Ndinapita nako mpaka ku Katete kwa wokonza mafoni. Anakatembenuza kawiri n'kundibwezera. "Aphunzitsi, ichi sitinachionepo. Olo ku Chipata ndakayika."

Tsopano ndabwerera ku kompyuta ija, ndikulemba mayeso uku ndikupukuta misozi. Mng'ono wanga akaimba foni amafunsa kuti, "Akulu, maso ali bwanji?" Ndimayankha kuti ali bwino. Ndingamuuze bwanji kuti ndinaphwanya ndi manja anga?

Anzanga, si katundu yense amafuna mphira. Kachipangizoko kali pa tebulo mpaka lero, kakundionetsabe funso lachisanu ndi chiwiri lomwe sindinalimalize.