Ndinkathawa Ubatizo Chifukwa cha Mabere

Monire mose, okondedwa omvera. Ndine bambo wa ku Masasa, kuno ku Mzuzu. Chaka chatha mabere anga anayamba kukula ngati a mtsikana, uku akupweteka. Kuzizira kwa kuno kunandithandiza, chifukwa ndinkangokhalira kuvala jekete.

Vuto linali ubatizo. Kumpingo kwathu timabatizidwa kumtsinje titavala malaya oyera opyapyala, ndipo akanyowa amamatirira pathupi. Tsiku likamayandikira mtima sunkakhala m'malo, ndinkanamizira chimfine. Ndinkabisala ngati munthu woyamba uja m'munda muja atazindikira kuti ali maliseche.

Kenako mkulu wa mpingo anandiitanira pambali. "Achimwene, ndi tchimo lanji likukukokani mwendo? Kapena kuli mayi wina ku Ching'ambo?"

Ndinangotsegula jekete. Iwo anayang'ana, n'kupumira m'mwamba. "Yewo, zikomo Ambuye! Izitu n'zakuchipatala, si zolapa ayi. Mawa tipitire limodzi."

Adokotala atandiyeza anapeza kuti gwero lake ndi mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi, ndipo anandisinthira ena. Ululu watha, koma mabere akuphwa pang'onopang'ono.

Abambo anzanga, kayezetseni, ndipo musasiye mankhwala panokha. Ine Lamlungu likubwerali ndikulowa m'madzi. Manyazi akadalipo, koma jekete ndikaisiya kumtunda.