Ndinaseka Chibwibwi cha pa Tivi Mwana Wanga Ali Pakhomo

Amene anayamba kundiuza kuti mwana wanga wachoka ndi Mayi Zuze, a ku Tete aja amene timagawana nawo khoma limodzi ku komboni. Anandipeza ku shedi ndikusankha fodya. Anandigwira pachigongono, tinatuluka panja.

"Mayi a Felista, mwana wakwera lole ya feteleza m'mawa uno. Akuti wapeza ntchito ya m'nyumba ku Ruwa. Anandiuza kuti ndisakuuzeni mpaka lole itadutsa geti."

"Anakuuzani ndi pakamwa pake?"

"Ndi pakamwa pake."

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mawu amenewo anandipweteka kuposa nkhani ya loleyo. M'nyumba mwanga mwanayo anali atatha miyezi osandilankhula.

Ndiyambe ndi mmene ndinalili. Bambo anga anachokera ku Ntcheu wapansi kudzafuna ntchito, ine ndinabadwira pa purazi, munda waukulu wa fodya, kuno kufupi ndi Macheke. Sukulu ndinalekezera Giredi faifi. Pakati pa amayi a ku komboni imeneyo inali sukulu yambiri, ndipo ndinkanyada nayo koopsa. Loweruka tikaweruka ndinali ku bawa, chigubu cha masese pamiyendo. Ankanditcha Wailesi. Ndinkatha kutsanzira aliyense: mayendedwe a foromani, kutsokomola kwa bwana, Chishona chopotoka cha agogo obwera kale. Anthu akaseka, ine ndimakhuta. Kutchalitchi ndinkapita pa maliro pokha.

Felista, mwana wanga woyamba, anabadwa ndi chibwibwi. Mutu unali wakuthwa, koma liwu limodzi limamugwira pakhosi mpaka misozi. Ine ndinalibe nthawi yomudikira. Akayamba "A-a-a", ine ndimamalizitsa ndekha: "Madzi? Tenga." Ndinkaganiza kuti ndikumuthandiza.

Chisankho chitayandikira, m'dera lathu munaima amuna awiri. Mmodzi tinkangomuona pa mapepala omata pamitengo, wa suti ndi mano oyera. Winayo anali mphunzitsi wopuma, woyenda pa njinga, ndipo nayenso anali wa chibwibwi. Aphunzitsiwa anafika ku komboni kwathu kangapo. Ankafunsa za sukulu yathu ija ya m'bani yakale youmitsira fodya, yomwe imathera pakati ana asanafike Giredi seveni. Ankafunsa za ana opanda zitupa zobadwira, amene sangalembe mayeso. Tsiku lina anakhala pakhonde langa, pa chidebe chozondotsa, nauza Felista kuti awawerengere buku. Mwanayo anakakamira pa liwu limodzi nthawi yaitali. Ine ndinafuna kumuthandiza, iwo anakweza dzanja kundiletsa. Anadikira mpaka anamaliza yekha. Ndinaona mwana wanga akumwetulira tsiku lonse. Ndinaona, abale, sindinganame kuti sindinaone.

Kenaka kunamveka kuti amuna awiriwa akakanganirana pa tivi. Tivi inali imodzi yokha, ya ku bawa, yomwe anaikhomera m'kabokosi ka zitsulo pamwamba pa kauntala. Dzuwa lisanalowe komboni yonse inali mmenemo, amayi pansi, abambo pa mabenchi. Zokambazo zambiri zinali m'Chingerezi, ndiye amayi onse anakhala mozungulira ine kuti ndiziwamasulira.

Wasuti uja atatsegula pakamwa, bawa yonse inati zii. Chingerezi chinkatuluka ngati madzi a pampope. Ankayang'ana ife m'maso, kumwetulira, kutambasula manja. Amayi anafunsa, "Wati chiyani, Wailesi?" Ine ndinati, "Wati zonse zikhala bwino." Ndikuuzeni zoona lero: mpaka pano sindidziwa chinthu chimodzi chogwirika chimene ananena. Panalibe sukulu, panalibe chitupa, panalibe dzina la purazi ngakhale limodzi. Kunali kukoma kwa mawu kokha.

Itafika nthawi ya aphunzitsi, thukuta linali kale pamphumi. Jekete yawo inali yaikulu m'mapewa. Anasiya Chingerezi, nayamba Chishona kuti ife timve, ndipo anafuna kunena za ana a pa mapurazi. Liwu loti vana, ana m'Chishona, linawagwira. Wasuti anayang'ana wotchi yake, kenaka anayang'ana ife ngati akuti, mwaona? Wofunsa mafunso pa tivipo nayenso anayang'ana wotchi yake, nati nthawi yatha. Munthu anali asanamalize chiganizo, abale! Funso lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu wasuti anawamalizira mawu yekha, anthu a mu tivimo nkuseka.

Akazi a foromani anandigunda nthiti. "Nanga uyu wati chiyani?"

Ine ndinadziwa chimene ankafuna kunena. Anachinena pakhonde langa. Koma ndinali nditamwa, maso onse ali pa ine. Ndinaimirira, nkutukula mapewa ngati jekete ija, nkupotoza kamwa, nkuyamba: "Va-va-va-va..." Ndinatsinzina maso, ndinamenya phazi pansi monga amachitira munthu liwu likamukana. Ndinkadziwa bwino mmene zimaonekera, chifukwa ndinaziphunzirira m'nyumba mwanga. Bawa inagwa ndi phwete. Wina anafuula, "Bwerezanso, Wailesi!" Ndinabwereza.

Nditatembenuka, Felista anali pakhomo la bawa, khanda langa lili kumsana, atabwera nalo kuti ndiliyamwitse. Sanalire. Anamasula mwanayo, nkundipatsa, nkumapita.

Kuyambira tsiku limenelo ana a ku komboni akamuona kumpope ankayamba "va-va-va", nkumenya phazi pansi. Sankatsanzira aphunzitsi. Ankatsanzira ine. Felista anasiya sukulu, anasiya kwaya ya ana, kenaka anasiya kulankhula nane.

Tsiku lovota tinakwera thirakitala ya purazi tikuimba. Amayi ambiri anandifunsa pochonga, ndinawaonetsa wasuti. Anapambana. Ndipo ndikufunseni inu amene mwakhala m'makomboni muno zaka zonsezi: ndani anamuonapo atatsika galimoto pano? Sukulu ija ikadali m'bani. Ana athu akadali opanda zitupa. Abambo ena atapita kukamudandaulira, anyamata ake anawabweza pageti nati mabulandaya, dzina lotinyozera ife ana a obwera, akadandaule kwawo. Pofuna mavoti tinali anthu, atawina tinasanduka mabulandaya! Fodya amene analipira suti ija anatyola ndani? Makolo athu agona m'manda a kuseri kwa damu, ndiye kwathu kwinako nkuti?

Mayi Zuze atandiuza za lole ija, mkwiyo unandilowa ngati matenda. Ndinakwiyira wasuti. Ndinakwiyira wofunsa mafunso ndi wotchi yake. Ndinakwiyira amene anaganiza zoti tsogolo la ana athu liziyezedwa ndi liwiro la lilime, kuti amene amadziwa dzina la mwana wanga aoneke chitsiru, amene sadziwa ngakhale njira yobwera kuno aoneke mpulumutsi. Loweruka lina nkhope ija inatulukanso pa tivi ikumwetulira. Ndinaponya chigubu chodzaza, chinaphulika pa zitsulo zija, masese anatsikira pagalasi, koma munthuyo anapitiriza kumwetulira kuseri kwake. Anandikokera panja. Bambo a Felista anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ku mabani.

Kunyumba iwo sanandimenye, sanakuwe. Anangoti, "Mayi a Felista, tivi sinaimirire mu bawa muja. Munaimirira ndinu."

Ndinawakwiyiranso iwo. Ndinakwiyira Mulungu amene anapatsa wabodza lilime losalala, nkupatsa mwana wanga lolemera. Ndinkamwa osaledzera. Ndinasiya kuseketsa anthu, ndinayamba kutukwana.

Mayi Zuze sanatope nane. Lachinayi lililonse ankagogoda pakhoma kuti tipite ku mapemphero a amayi, ine ndimayankha ndi mwano. Tsiku limene ndinapita, ndinapita kukakangana. Ndinkafuna ndiwafunse kuti Mulungu wawoyo anali kuti. Tinakhala pa mabenchi a ana m'bani ya sukulu ija. Atamaliza nyimbo, mayi wotsogolera anati, "Mayi a Felista, tipempherereni."

Ndinaimirira ndi ukali wanga wonse. Ndinati, "Ambuye..." Basi. Liwu lachiwiri silinatuluke. Ine Wailesi, amene sindinasowepo chonena chibadwire. Ndinamva phazi langa likumenya pansi lokha. Ndinayembekezera kuti wina aseka. Ambiri mwa amayiwo anali mu bawa muja tsiku lija. Ndinayembekezera kuti wina andimalizira pemphero kuti tizipita.

Palibe anaseka. Mayi wotsogolera anangoti pang'onopang'ono, "Tikudikirani. Iyenso akudikira."

Anadikira, abale. Sindidziwa kuti nthawi inali yaitali bwanji. Mawu amene anatuluka pomaliza sanali funso langa lija. Anali akuti, "Ndikhululukireni." Ndinagwa pa simenti ndikulira. Pamenepo ndinadziwa kuti Yesu alibe wotchi yodulira munthu. Wandimva ine wa pakamwa ponyansa, ndipo wakhala akumva mwana wanga liwu lililonse limene ine ndinamulanda. Kuyambira tsiku limenelo masese sanafikenso pakamwa panga. Alemekezeke Ambuye!

Mwezi utatha ndinakwera basi kupita ku Ruwa. Felista ndinamupeza kuseri kwa nyumba ya eni ake akuchapa matewera, manja atasuwa ndi sopo. Ndinagwada pa udzu, ine mayi wake. Ndinanena zanga mwachidule, kenaka ndinatseka pakamwa. Iye anapitiriza kuchapa. Atafinya thewera anatsegula pakamwa, liwu linamugwira. Ndinaliona liwulo, ndinkalidziwa, lilime langa linkayabwa kuti ndimuthandize. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva magazi. Anatsinzina, anamenya phazi, anapuma, anayambiranso.

"Amayi, munkadziwa chimene aphunzitsi ankafuna kunena?"

"Ndinkadziwa, mwanawe."

Anagwedeza mutu. Kenaka anandipatsa mbali ina ya shiti ya pabedi kuti tifinyire limodzi.

Chimenecho chinali chiganizo choyamba cha mwana wanga chimene ndinachimva mpaka kumapeto.

Musaganize kuti zonse zakonzeka. Felista sanabwerere ku sukulu, zaka zake zinadutsa. Akadali ku Ruwa, amabwera pa Khirisimasi, ndipo tikakhala pakhonde amalankhula, ine ndimadikira. Aphunzitsi aja anamwalira ndisanawapepese. Ambuye anachotsa chidani mumtima mwanga, koma mkwiyo wa pa chinyengo chija sanauchotse, ndipo sindinawapemphe kuti auchotse. Chisankho china chikubwera, ndamva kuti tivi ya ku bawa aigula yaikulu, yoonetsa zithunzi zamitundu. Akadzaonekanso osalala pakamwa, amayi anzanga, musadzafunse kuti ndani walankhula bwino. Mudzafunse kuti wanena chiyani chimene tingadzamugwire nacho, ndipo nsapato zake zinapondapo fumbi la komboni lino kapena ayi. Amene akuvutika kutulutsa mawu, mumulole amalize.

Ndipo iwe amene wakhala kumbuyo uko, mtima uli wodzaza koma sudziwa poyambira, bwera kwa Yesu lero. Sakufuna Chingerezi. Ngakhale liwu likugwire, adzakudikira monga anandidikirira ine. Ulemu ndi matamando zipite kwa Iye.

Mukamagwada m'nyumba zanu, mukumbukire banja lathu la a Phiri a ku mabani. Mukumbukire bambo a Felista, amene chifuwa chawavuta ndi utsi wa fodya. Mukumbukire ang'ono awiri amene akuphunzirabe m'bani muja opanda zitupa. Ndipo Felista wanga mumutchule dzina lake lonse, osafulumira. Amen.