A Namaona ndi Seva Yokana Kudzuka

A Bwana Mkulu a kampani yathu, a Tcheyamani a nthambi ya chipani kuno ku Chileka, Abusa, akuluakulu a madipatimenti, Mayi Namaona ndi ana, abale amene mwabwera pa lole kuchokera ku Lirangwe, anzanga a muofesi, ndi inu a kushedi amene mwaima kumbuyoko chifukwa mipando yathera kutsogolo kuno, ndakulonjerani nonse.

Mwamva, alamu? Sindinalumphe munthu. Ndayambira kumwamba kutsikira pansi, monga mumakondera.

Kwa amene simundidziwa, ndine Thomson, wa mawaya ndi makina. Mayi Namaona ali apawa ndi achemwali anga. Ndiye a Justus Namaona, amene akupuma ntchito lerowa, kuofesi ndi abwana anga, koma kumudzi ndi akamwini. Akomiti atandisankha kuti ndilankhule ankadziwa zimene akuchita. Ena nonsenu mumawaopa.

Munthu uyu anayamba ntchito ali kalaliki wolemba mapepala a katundu wokwera ndege. Foni ikalira, n'kumva kuti ndi abwana, ankaimirira, kumanga batani la jekete, kenako n'kuyankha. Abwanawo ali ku Limbe. Tiyi wa m'mawa anamuikira lamulo: kapu yoyamba ya wamkulu, yomaliza ya mesenjala. Pofika kwa mesenjala tiyi amakhala atazizira ngati madzi a mumtsuko. Ukadandaula, yankho linali limodzi: "Kusunga mwambo, achimwene."

Za tiyi tinapirira. Tsoka linabwera pamene kampani inagula makompyuta.

Anabweretsa makina awiri. Oyamba ndi kompyuta yaikulu, imene timaitcha seva. A Namaona anaiika muofesi mwawo, pafupi ndi desiki, n'kuivundikira kansalu koluka ka achemwali angawa ngati tebulo la mgonero. Achiwiri ndi bokosi la madisiki, mmene mumakhala zonse za katundu: wa ndani, akupita kuti, akulemera bwanji. Bokosilo ndi laphokoso ndipo limatentha, ndiye analiponya kushedi ya katundu, kumene amayang'anira a Isaki. Ziwirizi zimalankhulana kudzera pa waya amene ndinakwirira ndekha pansi pa bwalo.

Chifukwa cha ziphaliwali za kuno ku Chileka, madzulo timazimitsa zonse. M'mawa timayatsa. Tsono tangoganizani lamulo limene alamu anga anaika. Seva ndi yaikulu, ili muofesi ya wamkulu, choncho iyambe ndiyo kuyatsidwa, ndi chala cha wamkulu. Ikatero mesenjala athamange kushedi akanene kuti tsopano ang'onoang'ono akhoza kudzuka.

Seva ikamadzuka imayamba yayendera madisiki ake onse, kuona ngati agona bwino. Pa madisiki amene inauzidwa kuti iyendere panalinso a kushedi aja. Imaitana pa waya. Kushedi zii, bokosi silinayatsidwe. Imaitananso. Zii. Basi imalemba pagalasi kuti kuyendera kwalephera, n'kuima pomwepo, osapita patsogolo, osabwerera m'mbuyo.

Ndiye muwaone a Namaona. Amavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso, ngati uthengawo usintha. Amazimitsa, kuyatsanso. Amaimenya kambama pambali. Tsiku lina anailamula kuti ikonze madisikiwo mokakamiza. Ikonza bwanji chinthu chimene sichili m'mimba mwake? Kunjaku madalaivala akuliza mahutala, zitheba zopita kunja zikufota padzuwa, ndege ikuwotha injini. Ndege siidikira munthu, ngakhale wa jekete. Pofika nthawi yoti iwo atope n'kutuma mesenjala, kushedi n'kuyatsa, seva n'kudzuka, amatembenuka n'kutiuza kuti, "Mwaona? Imafuna munthu woidziwa."

Ine ndinayamba ndakayikira waya wanga. Ndinafukula bwalo lonse. Waya analibe mlandu. Tinasintha mapulagi. Tinaitana katswiri wa ku Blantyre, koma iye ankafika masana zonse zikuyenda, n'kumwa tiyi wathu wozizira uja, n'kubwerera. Wina anafika ponena kuti muofesimo mwaikidwa mankhwala. Abusa, pepani, koma amene ananenayo ndi mkulu wa mpingo.

Amene anatithandiza ndi basi. Tsiku lina basi yochokera ku Lirangwe inafera pa Lunzu, alamu anga ali momwemo. A Isaki kushedi anatopa kudikira mesenjala, anayatsa bokosi lawo. A Namaona atafika, thukuta lili kamukamu, anadina batani. Seva inadzuka bwinobwino ngati mwana wokhuta. Mwezi wotsatira anapita kumaliro ku Mdeka, n'kufika mochedwa. Chimodzimodzi. Tonse tinaona. Kompyuta ya kampani ino inkagwira bwino ntchito tsiku limene abwana ake achedwa.

Ndinapita kukawauza. Ndinati, "Alamu, njira zilipo ziwiri. Kushedi kuziyamba kuyatsidwa. Apo ayi, tiiuze seva isiye kuyendera madisiki amene si ake, izingodikira mpaka waya utayankha." Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Akuti, "Iwe Thomson, unaona kuti wantchito akudzuka n'kukhala pampando bwana asanalowe? Ndipo seva isiye kuyendera katundu wa kampani? Ndiye ikhala ikudya magetsi aulere?" Paja amati safunsa anadya phula. Awa anachita kuuzidwa, koma phulalo anadyabe.

Mukuseka. Sekani, chifukwa apa pakubwerapa siposeketsa.

Kumbuyoko kwaima mayi wina dzina lake Safia. Safia, kwezani dzanja akuoneni. Kampani inawatumiza kukaphunzira za kompyuta, ndipo ndiwo ankakhala pa seva tsiku lonse. M'mawa wina kunafika makatoni a anapiye pa ndege, eni ake ali pageti, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Popanda mapepala, anapiye satuluka. A Namaona anali kumsonkhano. Safia anapempha a Isaki kuti ayatse kushedi, iwo n'kuyatsa seva. Mapepala anatuluka, anapiye anapita amoyo.

Abwana pobwera anapeza kansalu kachotsedwa, seva ikulira. Sanafunse za anapiye. Anafunsa kuti ndani wakhudza batani. Mawa lake anayatsa okha mwa mwambo wawo, seva n'kuima monga mwa masiku onse, iwo n'kunena kuti Safia waiwononga. Anawachotsa pa kompyuta n'kuwatumiza kusikelo. Mpaka lero mayi amene anaphunzira ntchito ija akukweza matumba pasikelo, fumbi lili m'maso, ndipo mufailo mwawo munalembedwa kuti ndi wosamvera. Muno tonse tikudziwa kuti wa failo yotere sakwezedwa, ndipo ntchito ikamachepa amayamba ndiye kupita. Safia akulera okha ana awo.

Zimenezi zimandipweteka, alamu. Ndakhala ndikukuuzani kuseri, pakhonde, ngakhale pobwera kutchalitchi. Lero ndanena pagulu. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Musaganize kuti munthu uyu ndi woipa mtima. Akanakhala woipa sindikanavutika n'kuima pano. Zaka zonsezi sanasowetse katundu wa munthu, ngakhale kaphukusi. Mwana wa a Isaki atadwala, ndi iwo anaimitsa galimoto ya kampani n'kupita naye kuchipatala, n'kukhala pabenchi mpaka dokotala atatuluka. Maliro akagwa kwa wantchito aliyense, kaya ndi ku Chigaru kaya ndi kuti, jekete ija imafika, ndipo imagwira nawo khasu kumanda. Ndipo nkhani ya Safia itamveka kumtunda, munthu wina anatchula mawu oti kusokoneza. Mukudziwa kulemera kwa mawu amenewo masiku ano, ndi kumene amamufikitsa munthu. A Namaona anaimirira n'kunena kuti, "M'dipatimenti mwanga mulibe wosokoneza. Nkhani iyi ndi ya ine." Inathera pomwepo. Pa zimenezi, alamu, zikomo. Ndikunena kuchokera pansi pa mtima.

Koma kupulumutsa munthu kwa ng'ona n'kumusiya m'matope, ntchito sinathe.

Mawa mukupita ku Lirangwe, kwathu. Ndikukumbutseni, kumeneko kulibe mesenjala. Kumeneko ndinu mkamwini. Mkamwini amadzuka woyamba, kulankhula womaliza. Achemwali anga akonza kale khasu, ndipo mbuzi za kumeneko sizidziwa kuti munali ndi ofesi. Tikufunirani mpumulo wabwino. Mukagone tulo topanda mahutala, mukadye chimanga cha m'munda mwanu, mukaone zidzukulu zikukula. Mulungu akupatseni masiku ambiri, ndipo akufewetseniko khosi pang'ono.

Apa ndi pamene ndimayenera kunena kuti tiwombe m'manja. Dikirani kaye. Inu mwayamba kale kuwomba uko, tsitsani manjawo. Ife taphunzira kwa seva. Taitana, ndipo sitipita patsogolo mpaka kuyankhidwe.

Alamu, dzuwa lisanalowe mukadali abwana a dipatimenti. Cholembera chili m'thumba la jekete, ndikuchiona. A Bwana Mkulu ali pambali panupo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Lolemba Safia akalowe khomo liti, la kusikelo kapena la ku kompyuta?

Tikudikira. Fanta sathawa.

Avula magalasi. Akupukuta. Musaseke, mungawasokoneze.

Mwati bwanji? Kwezani mawu, alamu, kumbuyoko ndi kutali, ndi inu nomwe munawaimika kumeneko.

Mwamva nonse. Akuti Safia abwerere pa kompyuta, ndipo mawu aja achotsedwe mufailo lero lomwe. A Bwana Mkulu agwedeza mutu, Abusa ndinu mboni. Akutinso chiyani? Akuti Lolemba kushedi kuyambe kuyatsidwa.

Achemwali, musalire. Mwamuna wanu wadzuka mochedwa, koma wadzuka.

Tsopano tiwombe m'manja, ndipo tiwombe mwa dongosolo latsopano. A kutebulo lapamwamba, pepani, gwirani kaye manja anu. Safia, a Isaki, ndi nonse a kushedi, yambani ndinu. Ife a kutsogolo kuno tilandira mukayankha.